Borrow ndi lend: tionetse ana pamene pagona vuto

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa mawu awiri a Chingelezi amene akutipunthwitsa tsiku ndi tsiku kuno ku Lusaka, kuyambira m'kalasi mpaka pa kauntala ya kubanki. Mawuwa ndi borrow ndi lend. Mukaima pa geti la sukulu ku Matero kapena ku Chawama m'mawa wa tsiku la mayeso, mumva mwana akuuza mnzake kuti "Borrow me your pen." Mukakwera minibasi pa Kulima Tower, mumva bambo wovala tayi akudandaula pa foni kuti "I borrowed him five hundred last month." Onse awiri alakwitsa, ndipo alakwitsa mofanana. Ife aphunzitsi timangodula mawuwo ndi cholembera chofiira n'kulemba lend pamwamba pake, mwana n'kudzabwereza zomwezo sabata yamawa. Chimene sitimuuza n'chakuti cholakwachi chili ndi gwero, ndipo gwerolo lili m'chinenero chathu chomwechi. Mwana akangoliona, sabwerezanso.

Tiyambe ndi tanthauzo. Tiyerekeze kuti pa msika wa Soweto pali amayi awiri ogulitsa nyemba, ndipo mmodzi sikelo yake yafa. Mnzake wamupatsa yake kuti apimire makasitomala mpaka masana, kenako abweze. Sikelo ndi imodzi, chochitika n'chimodzi, koma Chingelezi chili ndi ziganizo ziwiri, kutengera amene mwamuika kumayambiriro. Mukayamba ndi mwini sikelo, amene chinthu chikuchoka m'manja mwake, mneni wake ndi lend: "She lent her friend a scale." Mukayamba ndi wolandira, mneni wake ndi borrow: "Her friend borrowed a scale from her." Lend ndi wa wopereka, borrow ndi wa wolandira. Mawu awiriwa sasinthana malo, ngakhale chinthucho chikhale singano kapena ndalama za boma.

Nanga ife timasokonezera pati? Tamverani mmene timapemphera. Timati "Ndibwerekeniko sikelo," kapena m'kayankhulidwe ka m'tauni muno, "Nibwelekeniko sikelo." Mneni wake ndi yemwe uja timagwiritsa ntchito ponena kuti "Ndabwereka sikelo kwa amayi aja." Kubwereka kumayenda mbali zonse ziwiri. Chimene chimatiuza kumene chinthu chikulowera ndi timawu tina ta m'chiganizomo: kachilembo ka munthu kamene taika mkati mwa mneni, mawu oti kwa, kapenanso umwini wa chinthucho. "Anandibwereka buku lake" ndi "Anabwereka buku langa" ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo palibe wa Chichewa amene angasochere. Tsono mwana anaphunzira kuti kubwereka ndi borrow, ndipo ndi- ndi me. Akalumikiza ziwirizo amapeza "borrow me." Mwanayo si mbuli ayi. Wamasulira chidutswa ndi chidutswa mokhulupirika, kungoti Chingelezi sichimanga chiganizochi mmene timamangira ife. Ndipo sitili tokha: m'Chiswahili kuazima kumayenda mbali ziwiri, m'Chidatchi lenen n'chimodzimodzi.

Mwayi wathu ndi wakuti tili ndi mawu ena awiri amene anagawana ntchito ngati mmene zilili m'Chingelezi, ndiwo kukongola ndi kukongoza. Munthu amene wasowa ya lendi sauza mnzake kuti "ndikongole K300." Amati "ndikongoze." Khutu lathu limakana lokha. Apa ndiye poyenera kumangira mlatho: kukongola ndi borrow, kukongoza ndi lend. Kubwereketsa nakonso ndi lend basi, sikutembenuka. Onaninso kusiyana kwina kumene ambiri sakuzindikira. Ife timasamala za mtundu wa chinthucho. Chimene chidzabwerera chomwecho, ngati khasu kapena mbaula, timabwereka. Chimene chidzathe ndipo kudzabwerera china cholingana nacho, ngati ndalama kapena ufa, timakonda kunena kuti takongola. Chingelezi sichisamala zimenezo. Khasu, shuga, ndalama, zonse ndi borrow ndi lend. Chimene chimasamala ndi njira imene chinthucho chikuyenda.

Kamangidwe ka chiganizo kali motere. Lend ali ndi njira ziwiri. Mutha kuika munthu poyamba, chinthu pambuyo: "Lend me your wheelbarrow." Muthanso kuika chinthu poyamba, kenako to, kenako munthu: "Lend your wheelbarrow to my brother." Borrow ali ndi njira imodzi yokha: chinthu poyamba, kenako from, kenako munthu kapena malo: "I borrowed a wheelbarrow from my neighbour." Chomwe chimatsatira borrow ndi chinthu, osati mwini wake. Choncho mukaona me, him, her, us kapena them ataphatikana ndi borrow ponena za munthu wolandira, dziwani kuti pali vuto. Komanso borrow sayenda ndi to wosonyeza wolandira, ndipo lend sayenda ndi from.

Wina anganene kuti, bola anthu akumva, chavuta n'chiyani? Pakati pathu timamvanadi. Koma "Borrow me a pen" kwa munthu wakunja ili ndi tanthauzo lake lina. Ngati angaimve n'komwe, amva kuti mukumutuma akakubwerekereni cholembera kwa munthu wachitatu, monga timanenera kuti "pita ukandibwerekere." Palinso kulakwitsa kwa amene anakalipiridwa kwambiri mpaka anayamba kuopa borrow paliponse. Ameneyo amati "Can I lend your pen?" poganiza kuti wakonza. Apa wapempha chilolezo choti atenge cholembera chanu akabwereketse wina. Mapemphedwe olondola ndi awiri okha. Mukadziika nokha patsogolo: "May I borrow your pen?" Mukaika mwini chinthu patsogolo: "Can you lend me your pen?" I amayenda ndi borrow, you amayenda ndi lend.

Pali kayeso kachidule kamene mwana angachite m'mutu ali m'chipinda cha mayeso. Achotse mneniyo n'kuikapo give kapena take. Pamene give akukhala bwino, pamafunika lend. Pamene take akukhala bwino, pamafunika borrow. "Give me your pen" ikumveka, ndiye kuti ndi "Lend me your pen." "I took a book from the library" ikumveka, ndiye kuti ndi "I borrowed a book from the library." Ana athu sasokoneza give ndi take, chifukwa kupatsa ndi kutenga n'zosiyana kale m'chinenero chathu.

Za nthawi ya mneni, borrow savuta: borrow, borrowed, borrowed. Lend ndi amene amagwetsa anthu, chifukwa satenga -ed. Ndi lend, lent, lent, mofanana ndi send ndi sent, spend ndi spent, bend ndi bent. "Lended" kulibe. Pofunsa kapena pokana ndi did, mneni amabwerera mwakale: "Did you lend him the money?" osati "Did you lent." Chiganizo china chofala kwambiri m'makalata a ofunsira thandizo ndi "I was borrowed some money." Mawuwa akunena kuti munthuyo ndiye anabwerekedwa ngati njinga. Chofunika ndi "I was lent some money," kapena mophweka, "I borrowed some money."

Pali msampha wina wa ife tokha, wa l ndi r. M'chinenero chathu malembo awiriwa sasiyanitsa tanthauzo la mawu, n'chifukwa chake wina amalemba kubwereka, wina kubweleka, tonse n'kumvana. M'Chingelezi si choncho. Lent ndi rent ndi mawu awiri. "My uncle lent me a room" ikunena kuti amalume anakupatsani chipinda mukhalemo kwa kanthawi kwaulere. Mukalemba "rent" pamenepo mwalowetsapo nkhani ya ndalama ya mwezi ndi mwezi. Lender ndi render nawonso si amodzi. Potchula l nsonga ya lilime imakhudza kuseri kwa mano apamwamba, potchula r sikhudza. Mphunzitsi apatule mphindi zisanu ana atchule mawuwa awiriawiri, kenako awalembetse osaona pa bolodi. Cholakwa cha m'kamwa ndicho chimatsikira pa pepala.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni si mayeso. Ndi ndalama. Mzinda uno umayendera ngongole: chilimba cha amayi a kumsika, magulu a banki ya m'mudzi amene afika mpaka m'maofesi, kaloba wa m'makomboni, ngongole za pa foni, ngongole zodula pa malipiro a mwezi. Zambiri mwa zimenezi zimalembedwa m'Chingelezi, chinenero cha boma ndi cha mapepala a kukhoti, ngakhale anthuwo anapangana m'Chinyanja. Taganizirani munthu amene wakongoza mnzake K2,000, ndipo umboni wake wonse ndi uthenga wa pa WhatsApp umene iye mwini analemba kuti "I borrowed you K2,000 in March." Wokongola uja akakana, nkhani n'kufika ku Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, uthengawo sunena momveka amene anapereka ndi amene analandira. Woweruza wa kuno akhoza kumvetsa zimene mwini uthenga ankatanthauza, koma wokana wapatsidwa pobisala, ndipo akhoza kunena kuti iyeyo ndiye anakongoza. Liwu limodzi lasandutsa umboni kukhala mkangano, ndipo mwini ndalama akhoza kungolemba m'madzi.

Pepala la ngongole silifuna Chingelezi chapamwamba. Likufuna mayina awiri a maudindo, alembedwe pamwamba: Lender, ndiye wokongoza, ndi Borrower, ndiye wokongola, aliyense ndi dzina lake lonse ndi nambala ya chitupa chake cha NRC. Kenako chiganizo chimodzi cholembedwa m'dzina la wokongola: "I have borrowed K2,000 from," n'kutsatira dzina la wokongoza ndi tsiku. Ndalamazo zilembedwe m'manambala ndi m'mawu omwe, kuti wina asawonjezere ziro. Ngati pali chiwongoladzanja, musangolemba peresenti yokha, lembani ndalama yeniyeni yodzabwezedwa. Mwachitsanzo, K2,000 pa 10 peresenti pamwezi kwa miyezi 3, osawerengera chiwongoladzanja pa chiwongoladzanja chinzake, ndi K200 katatu, kutanthauza K600, ndipo zonse pamodzi ndi K2,600. Chiganizo chake: "I will pay back K2,600 on," n'kutsatira tsiku. Asainire onse awiri ndi mboni, aliyense atenge pepala lake. Pobweza ndalama mneni wake ndi pay back kapena repay, pobweza katundu ndi give back kapena return.

Pa mafomu a kubanki ndi a makampani okongoza ndalama pamakhala bokosi lachitatu limene anthu amasainira mosaganiza, lolembedwa Guarantor. Ameneyu si mboni. Mboni ndi witness, amene amangovomereza kuti anaona anthu akusainirana. Guarantor walonjeza kuti wokongola akalephera, adzalipira ndi iyeyo. Collateral kapena security ndi chikole: firiji, galimoto, mapepala a nyumba. Ndipotu mawu a borrow anachokera ku liwu la Chingelezi chakale, borg, limene linkatanthauza chikole. Kuyambira kalekale, wobwereka ndiye ankasiya kanthu m'manja mwa mnzake.

Loan ndi dzina la ngongoleyo. Banki "gives a loan," munthu "takes out a loan" kapena "applies for a loan." Ophunzira a pa University of Zambia amene amathandizidwa ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board ndi ma borrowers, bungwelo ndi lender. Loan amagwiranso ntchito ngati mneni, makamaka m'Chingelezi cha ku America, ndipo akatero amakhala mbali ya lend: "She loaned me her car." Sakhala mbali ya borrow. Amene amalemba kuti "I loaned money from the bank" wabwerera m'dzenje lomwe lija. Chimodzimodzi owe: amene ali ndi ngongole ndiye amakhala patsogolo. "He owes me K500" ndiye kuti iye ayenera kundibwezera. "I owe him K500" ndiye kuti wobweza ndine.

Nkhani za dziko zimamvekanso bwino munthu akagwira mawu awiriwa. Mu 2012 Zambia inatenga ngongole yake yoyamba ya Eurobond (yotengedwa pogulitsa kunja mabondi, amene ndi mapepala a ngongole) ya madola 750 miliyoni, mu 2014 ina ya madola 1 biliyoni, mu 2015 ina ya madola 1.25 biliyoni. Pamenepo Zambia ndi borrower, ogula mabondiwo ndi ma lenders. Mu November 2020 dziko linalephera kulipira chiwongoladzanja pa imodzi mwa ngongolezo, ndipo liwu limene manyuzipepala a Chingelezi ankalemba ndi default. Koma pamene Bank of Zambia ikugulitsa ma Treasury bills (mapepala a ngongole ya nthawi yochepa) ndi mabondi a boma, wogula wamba wa ku Kabwata ndiye lender, ndipo boma ndi borrower. Ambiri amaganiza kuti akusungitsa chabe, chonsecho akukongoza boma. Lending rate ya banki ndi chiwongoladzanja chimene bankiyo imalipiritsa ikakukongozani, osati chimene imakupatsani pa ndalama zanu zosunga.

Si chilichonse chimene chimatenga borrow. Mawuwa amafuna chinthu chimene mungachinyamule n'kupita nacho. Chimbudzi cha kwa aneba, mpopi wawo kapena khitchini yawo, mneni wake ndi use: "May I use your toilet?" Ndipo ngati mukulipira kuti mugwiritse ntchito chinthu, monga matenti ndi mipando ya pa ukwati kapena pa maliro, ndi hire kapena rent. Ndalama zokha ndi zimene zimakhalabe pa borrow ndi lend ngakhale pali chiwongoladzanja. Apa ndi pamene Chingelezi nacho chimachita zomwe timachita ife, chifukwa rent amayenda mbali ziwiri: wokhala m'nyumba "rents a house from the landlord," mwini nyumba "rents it out to a tenant." From ndi to ndiwo amaonetsa njira, monga kwa amachitira m'chinenero chathu. Ana ayenera kuuzidwa zimenezi, kuti adziwe kuti chinenero chawo sichoperewera nzeru.

Zining'a zake n'zochepa ndipo siziloleza kusinthanitsa. "Lend a hand" ndi kuthandiza pa ntchito, "lend an ear" ndi kutchera khutu. Pochotsera m'masamu, pamene nambala yapamwamba yachepa, timati "borrow one," ndipo apo ana salakwitsa. Mawu amene chinenero chatenga kwina amatchedwa borrowed words kapena loanwords, monga sukulu ndi buku ochokera ku Chingelezi, nsapato ndi mbatata ochokera ku Chipwitikizi. Nyengo ya Lenti ya kutchalitchi, yolembedwa ndi L wamkulu, ilibe ubale ndi lend. Inachokera ku liwu lakale lotchulira nyengo ya chaka imene masiku amayamba kutalika ku Ulaya.

Kwa amene akukonzekera mayeso a Examinations Council of Zambia, mawuwa amakonda kubwera pa mafunso olembanso chiganizo osasintha tanthauzo. Akupatsani "My cousin lent me a calculator," n'kukuuzani kuti muyambe ndi I. Pali zinthu zitatu zoti zisinthe nthawi imodzi, ndipo ana ambiri amasintha chimodzi kapena ziwiri. Wolandira apite kutsogolo, me asanduke I. Mneni asinthe kukhala borrowed, nthawi yake ikhale yomweyo yakale. Wopereka apite kumapeto, atsogozedwe ndi from. Yankho: "I borrowed a calculator from my cousin." Akakupatsani chiganizo cha borrowed kuti muyambe ndi mwini chinthu, from amachoka, I amasanduka me, ndipo samalani ndi my ndi his, chifukwa umwini wa chinthucho susintha. Malikisi amatayika pa from woiwalika ndi pa "lended."

Kwa aphunzitsi anzanga, makamaka a Giredi 5 mpaka 7 kumene chizolowezichi chimazika mizu, lekani kulembetsa matanthauzo pa bolodi. Imikani ana atatu kutsogolo, mmodzi agwire rula. Wopanda rula apemphe m'Chinyanja poyamba, kenako anene kuti "May I borrow your ruler?" Mwini rula apereke akunena kuti "I am lending you my ruler." Wachitatu auze kalasi zimene waona, kawiri: koyamba ayambe ndi dzina la wopereka, kachiwiri ndi dzina la wolandira. Rula ibwerere kwa mwini wake, apo ndi pophunzitsira give back. Kenako asinthane malo mpaka aliyense adutse mbali zitatuzo. Mphindi 10 zikwanira, ndipo mubwereze masiku atatu otsatizana ndi zinthu zosiyana: buku, jezi, ndalama ya pepala. Pa tsiku la ndalamalo gwiritsani ntchito kukongola ndi kukongoza, muone mmene nkhope zawo zimawalira akazindikira kuti kusiyanaku anali nako kale m'kamwa. Chinthucho chiziyenda m'manja ana akuona, chifukwa nkhani yonse yagona pa kumene chikuchokera ndi kumene chikupita.

Pempho langa lomaliza lipite kwa alembi ndi asungichuma a magulu a banki ya m'mudzi ndi a chilimba. Tsegulani buku lanu la hadikava muone mitu ya mizere. Ngati palembedwa "Borrowed" pokha, pansi pake n'kukhala mayina ndi ndalama, buku limenelo silikunena amene wapereka. Gulu ndilo limakongoza, choncho mzere wa ndalama ulembedwe "Amount lent," mzere wa dzina la membala ulembedwe "Borrower," ndipo pakhale mzere wina wa "Amount repaid" ndi tsiku lake ndi posainira. Ngati mamembala ambiri samva Chingelezi, lembani mitu yomweyo m'chinenero chathu: wokongola, ndalama zimene gulu lakongoza, zimene wabweza. Palibe lamulo loletsa gulu kusunga buku lake m'Chinyanja.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Chingelezi,
Matero, Lusaka